Ntchito Yosiyidwa Panjira: Tilipire Kapena Tikane?

Aliyense amene adayendapo m'mbali mwa nyanja m'boma la Salima, kuchokera ku Chipoka mpaka ku Senga Bay ndi ku Lifuwu, adaona nyumba zimene zidaima pa msinkhu wa mazenera, udzu utamera m'zipinda mwake. Adaonanso maboti a matabwa ogonekedwa pamchenga, nthiti zili pamtunda, mmisiri wake osadziŵika kumene adaloŵera. Zina mwa ntchito zimenezi zidaima chifukwa mwini wake ndalama zidamthera, ndipo pamenepo palibe mlandu. Koma zina zili ndi mlandu, ndipo mlanduwo uli ndi eni ake aŵiri. Mwini nyumba akuti, "Ndidalipira, koma ntchito sidathe." Mmisiri akuti, "Ndidagwira, koma malipiro sadakwane." Aŵiriŵa amakumana pamaliro, amakumana pamsika, mwina amakhala mpando umodzi m'tchalitchi Lamulungu, koma moni wao ngwa pakamwa chabe.

Funso lathu mwezi uno nali: munthu akalipira ntchito, ntchitoyo n'kukhala yosatha kapena yosalongosoka, kodi nchilungamo kuti akane kupereka zotsala, kapena aitanitse zimene adapereka kale? Ndipo ngati nchilungamo, malire ake ali pati?

Funsoli nlakale, koma masiku ano lafika kunyanja kuno ndi njira imene makolo athu sadaidziŵe. M'mahotela ndi m'nyumba zogona alendo ku Senga Bay, mlendo wochokera ku Lilongwe, ku Johannesburg kapena ku London satulutsanso mpukutu wa ndalama. Amaloŵetsa khadi la kubanki m'kamakina, nadinda manambala ake achinsinsi, basi walipira. Makhadi otereŵa adayambira ku America: Diners Club mu 1950, kenaka khadi la Bank of America mu 1958, limene mu 1976 lidatchedwa Visa. Pa khadi la ngongole, banki ndiyo imalipira wogulitsa, ndipo mwini khadi amabwezera bankiyo pambuyo pake. Sipadapite nthaŵi, vuto lidaonekera: anthu ankapezeka akubweza ngongole ya katundu amene sadafike ndi ya ntchito imene sidagwiridwe. Nchifukwa chake mu 1974 dziko la America lidakhazikitsa lamulo lotchedwa Fair Credit Billing Act, lopatsa munthu masiku 60 oti alembe dandaulo lake ku banki. Chaka chomwecho dziko la Britain lidakhazikitsa Consumer Credit Act. Ndime 75 ya lamuloli, monga momwe malire ake aliri lero, imati pa chinthu cha mtengo woposa mapaundi 100 koma wosapitirira 30,000, banki yopereka khadi ili ndi mlandu pamodzi ndi wogulitsa amene waphwanya pangano. Mu 2007 bwalo lalikulu la dzikolo lidagamula kuti ndimeyi imakhudzanso zogula kunja. Tsono Mngelezi amene walipira chipinda ku Senga Bay amakhala atabwera ndi lamulo la kwao m'thumba.

Kupatula malamulo a maboma, makampani a Visa ndi Mastercard ali ndi dongosolo laolao. Mwini khadi amadandaula ku banki yake, kaŵirikaŵiri pasanathe masiku 120. Bankiyo imatumiza dandaulo ku banki ya wogulitsa, ndalama n'kuchotsedwa m'buku la wogulitsayo mlandu usanathe. Iye amapatsidwa masiku oŵerengeka kuti atumize umboni: malisiti, makalata, siginecha ya mlendo. Akachedwa, mlandu wamgwera. Nthaŵi zambiri amalipiranso kandalama ka dandaulolo, ndipo madandaulo akamchulukira angathe kulandidwa mwai wolandira makhadi.

Ambiri a ife sitili m'dongosolo limeneli. Makhadi amene tili nao ambiri ngotapira ndalama zathu zomwe, osati a ngongole, ngakhale kuti naonso angathe kudandaulidwa kudzera ku banki. Pa Kamuzu Road ndi pagombe timalipira pamanja, kapena pa foni kudzera pa Airtel Money, imene idayamba mu 2012, ndi Mpamba wa TNM, amene adayamba mu 2013. Ndalama ikapita kwa kalipentala amene tidamsankha tokha, kampani ya foni siidzabwera kudzaona ngati denga likudontha. Komabe dziko silidatisiye pamtetete. Pali lamulo loteteza ogula la 2003. Pali bungwe la Competition and Fair Trading Commission, lochokera m'lamulo la 1998 limene lidaloŵedwa m'malo ndi lina mu 2024. Bungweli lakhala likuchenjeza eni masitolo kuti zikwangwani zonena kuti katundu akagulidwa sabwezedwa nzosemphana ndi lamulo. Pali bungwe la ogula la CAMA, pali Reserve Bank imene imalandira madandaulo okhudza mabanki, ndipo pali bwalo la majisitireti pa boma. Njira zilipo. Chimene lamulo silingatipatse ndi mtima woyendera njirazo moyenera, ndipo nkhani yathu yagona pamenepo.

Tiyambe ndi chizoloŵezi chathu cha kukhala chete. Telala waononga nsalu ya ukwati, ife nkuti, "Zilibe kanthu." Makaniko walandira ndalama ya injini ya boti, injiniyo yazima pakati pa nyanja usiku woyamba, ife nkuti, "Tasiyira Mulungu." Mau ameneŵa amamveka ngati kufatsa kwa Chikhristu, ndipo nthaŵi zina ndi kufatsadi. Koma tikadzifunsa moona, kangati pamene ndi mantha chabe? Timaopa kutchedwa ovuta, timaopa maso a abale a mmisiriyo, ena timaopa ndi zam'matumba zomwe. Pambuyo pake, dandaulo limene tidakana kulinena pamaso pake timalinena kuseri, pa chitsime ndi pa bawo, mpaka mbiri ya munthu itaonongeka iye osapatsidwa mpata woyankha. Kumeneko si kukhululuka ai.

Ntchito yogwira mwachinyengo ndi kuba. Katekisimu wa Mpingo wa 1992, pophunzitsa za lamulo lachisanu ndi chiŵiri, amaika ntchito yogwiridwa mosasamala m'gulu limodzi ndi malipiro opondereza wantchito, ndipo amaphunzitsa kuti mapangano oyenera asungidwe ndi kuti chotengedwa mosalungama chibwezedwe. Womanga amene walandira mtengo wa matumba khumi a simenti, nathira asanu ndi limodzi, wanyamula matumba anai kupita nao kwao, ngakhale palibe adamuona atasenza. Tikamlekerera, maŵa adzachita zomwezo kwa mai wamasiye amene wagulitsa mpunga wake wonse wa ku Lifuwu kuti afolere nyumba mvula isanagwe. Wakutsina khutu ndi mnansi: dandaulo loona limathandiza wotsatira pamzere, limathandizanso mmisiriyo ntchito yake isanamthere.

Palinso china. Munthu angathe kukhululuka ngongole yake, koma sangathe kukhululuka ya eni ake. Msungichuma wa mphakati kapena wa komiti ya sukulu amene wapereka zopereka za anthu kwa womanga, womangayo n'kuthaŵa, alibe ufulu wonena kuti "zilibe kanthu". Ndalamazo sizinali zake. Momwemonso bambo amene waika m'boti losatha ndalama zimene banja lidapatula kuti zikhale fizi ya ana.

Tsono kudandaula nkololedwa, ndipo nthaŵi zina ndi udindo. Chovuta ndi muyeso.

Chilungamo cha pa malonda chimafuna kuti chimene chapita chilingane ndi chimene chabwera. Ngati ndi choncho, chimene tingaitanitse ndi chokhacho chimene chikusoŵa. Taganizani banja limene lalipira masiku atatu pa nyumba ya alendo. Masiku aŵiri lagona bwino, ladya chambo, ana asambira. Tsiku lachitatu mpope wafa, m'chipinda mulibe madzi kuyambira m'maŵa mpaka usiku. Banjali lili ndi mlandu weniweni, koma mlandu wake ngwa tsiku limodzi, mwinanso gaŵo chabe la tsikulo, popeza bedi adagonapo. Dongosolo la makhadi limalola kudandaula gaŵo la ndalama. Koma mtima wokwiya suŵerengera magaŵo. Umafuna zonse zibwerere, umafuna winayo amve kuŵaŵa, ndipo mwini wake amautcha mkwiyowo chilungamo. Woitanitsa masiku atatu pamene wamanidwa limodzi wadya masiku aŵiri aulere, ndipo kusiyana kwake ndi womanga uja wa simenti nkwakuti iye wavala bwino.

Tisiyanitsenso mau aŵiri amene amasokonezedwa: "sindidapatsidwe" ndi "sindidakondwe". Oyambawo angathe kuyesedwa ndi mboni. Chipinda chidalipo kapena padalibe. Boti lidapita ku chilumba cha Namalenje kapena silidapite. Achiŵiriwo ali mumtima mwa wonena yekha. Mlendo amene wabwera mwezi wa Julaye napeza mwera ukuwomba, nyanja itakwiya, sadanyengedwe ndi munthu. Ngati adalipira ulendo wa pa boti, mwini boti n'kukana kuloŵa m'madzi chifukwa cha mafunde, ndalama ya ulendowo ibwezedwe, pakuti ulendo sudachitike. Koma mwini botiyo ngwoyenera kuthokozedwa, osati kunenezedwa ku banki ngati wakuba. Ndipo ngati mlendo yemweyo wasintha maganizo nyanja ili bata, mafuta atagulidwa kale m'tauni, mtengo wa mafutawo ngwake.

Apa mpamene khadi limabweretsa chiyeso chimene ndalama ya pamanja idalibe. Kale wofuna kubwezeredwa ankayenera kuimirira pamaso pa mnzake ndi kunena mlandu wake, winayo akumva. Manyazi okha ankadula theka la mabodza. Lero mlendo angathe kutsazika bwinobwino, kugwirana chanza ndi onse, kukwera ndege ku Lilongwe, ndipo patapita miyezi iŵiri n'kulemba pa kompyuta kuti ntchito sadailandire. Saona nkhope ya munthu. M'maganizo mwake akulimbana ndi banki, ndipo banki, amatero, siimva kuŵaŵa. A mabanki ali nalo dzina khalidwe limeneli, dzina lotanthauza chinyengo cha bwenzi, chifukwa wochita wake si mbala yoba khadi koma mwini khadi yemwe. Koma ndalamayo siichoka ku banki. Imachoka m'buku la nyumba ya alendo, ndipo nyumba yaing'ono ikapereŵedwa pakutha pa mwezi, amene amadikira malipiro ndi wophika, wochapa ndi mlonda, ndiponso mai amene adapereka nsomba ndi tomato pa ngongole. Nkhuyu zodya mwana zidapota wamkulu. Pano zodya wamkulu zikupota ana a mlonda. Wochita zotere waphwanya malamulo aŵiri nthaŵi imodzi, la kuba ndi la umboni wonama, ndipo kupambana kwake ku banki sikumchotsera udindo wobweza. Banki imagamula poona mapepala. Siidziŵa chimene munthu adadya.

Sitikunena kuti ogulitsa onse ngoyera. Nyanja yathu yomwe idatipatsa phunziro pa zimenezi mu 2024, pamene madzi adakwera kupitirira mamita 476 poyerekeza ndi nyanja ya mchere, msinkhu umene achikulire adaufanizira ndi wa 1980. Ku Salima, ku Mangochi ndi ku Nkhotakota mchenga wa pagombe udamizidwa, ndipo m'malo ena madzi adafika m'mabwalo ndi m'zipinda. Palibe mwini hotela amene adaitana madziwo. Koma taganizani munthu amene adalipiriratu ali kutali, ataona chithunzi cha mchenga woyera, nafika n'kupeza mafunde akumenya khoma. Mlandu ngwa yani?

Thomas Aquinas Woyera, amene adamwalira mu 1274, adalingalirapo za chilema cha chinthu chogulitsa. Iye adasiyanitsa chilema choonekera ndi chobisika. Kavalo wa diso limodzi aliyense akumuona, ndipo wogulitsa sakakamizidwa kulengeza, malinga atsitse mtengo moyenera. Koma chilema chobisika chimene chingadzetse ngozi kapena kutayitsa wogula chuma chake, wogulitsa ayenera kuchiulula. Kwa munthu woima pagombe, kusefukira kwa nyanja nkoonekera. Kwa munthu wolipira ali ku Blantyre kapena ku Cape Town, nkobisika kotheratu, pakuti maso ake ndi chithunzi chimene wogulitsa wamuonetsa. Motero mwini malo amene adadziŵa kuti gombe lapita, nasiya chithunzi chakale, nalandira mtengo wakale osanena kanthu, adagulitsa chimene adalibe, ndipo mlendo ali ndi ufulu wonse woitanitsa kusiyanako, ngakhale kudzera ku banki. Koma amene adaimba foni nanena zoona, natsitsa mtengo kapena kupereka tsiku lina, mlendo n'kuvomera, mlandu alibe. Mlendo amene adavomera zotero, nagona, nadya, kenaka n'kukadandaula kwao, ndiye wanyenga. Nyanja inali imodzimodzi pa malo onse aŵiri. Chidasiyana ndi chimene chidanenedwa ndalama isanaperekedwe.

Mlandu wa amisiri uli ndi mbali ina imene eni nyumba sakonda kuimva. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, pamwamba pa 25 peresenti ya mu Meyi 2022. Womanga amene adapangana mtengo wa ntchito yonse pamodzi ndi zipangizo mwezi wa Okutobala adapeza kuti ndalama yomweyo siikugulanso malata ndi simenti zomwezo. Ena adathaŵa ndi manyazi, osati ndi umbava. Kuthaŵako nkulakwa, adayenera kubwera, kuyala malisiti pansi ndi kupempha kuti mtengo uunikidwenso. Koma mwini nyumba amene akuumirira mtengo wakale, akudziŵa bwino lomwe kuti mnzake agulitsa mbuzi zake kuti atsirize nyumba ya wina, asadzitame ndi pepala la pangano. Lonjezo lidadulitsa mutu wa Yohane. Pangano lidapangidwa kuti onse aŵiri apindule, ndipo tsoka limene palibe adaliyembekeza liyenera kusenzedwa ndi onse.

Nanga njira yake ndi iti? Nzochititsa chidwi kuti lamulo la ku America lija, pa madandaulo a ntchito yosalongosoka, limafuna kuti mwini khadi ayambe wayesa moona mtima kukambirana ndi wogulitsa asanakane kulipira. Ngakhale malamulo a makhadi eni ake salola dandaulo lotere popanda kuyesako. Makolo athu akadavomereza msanga. Kwathu mlandu umayamba ndi aŵiri, kenaka mboni, kenaka nyakwaŵa kapena komiti ya pagombe, kenaka mfumu. Ubwino wa bwalo la pansi pa mtengo ngwakuti onse amalankhula, ndipo anthu angathe kunyamuka kukaona botilo ndi maso, kugogoda matabwa, kuŵerenga misomali. Mmisiri amapatsidwa mwai wokonza, umene ndi ufulu wake: wolakwitsa amene akufuna kubwereza ntchito popanda malipiro ena sayenera kumanidwa mpata. Komabe tisalikometse bwaloli mopitirira. Limakondera mwana wa pamudzi poyerekeza ndi wobwera, limakondera mwini maukonde ambiri poyerekeza ndi mlovi wake, ndipo mai wosauka amayankhulamo ndi mau otsika. Bwalo la makhadi nalonso lili ndi tsankho lake: limayamba ndi kukhulupirira mwini khadi, ndipo limafuna kuti wogulitsa wa ku Senga Bay ayankhe m'Chingelezi, pa intaneti, masiku asanathe, magetsi alipo kapena palibe. Paŵiri ponsepo, wamphamvu ndiye ali ndi udindo waukulu wonena zoona, chifukwa ndiye amene amamvedwa msanga.

Zambiri mwa izi zikadapeŵeka ndi pepala limodzi la m'kope la mwana wa sukulu. Ntchito ilembedwe: maziko, khoma, denga, pulasitala. Pa gaŵo lililonse palembedwe mtengo wake ndi amene agule zipangizo, ndipo ndalama iperekedwe gaŵo likatha. Ena amati kulemberana ndi mbale nkusamkhulupirira. Ife tikuona kuti ubale wambiri kunyanja kuno waphedwa ndi mau a pakamwa amene aliyense akuŵakumbukira mokomera iye mwini. Uthenga wa pa foni wotsimikiza kuti ndalama yapita usafufutidwe. Lisiti la kamakina lisatayidwe pa geti.

Koma kulipira m'magaŵo nakonso kuli ndi msampha wake, ndipo umagwira ife olemba ntchito. Msamphawo ndi gaŵo lotsiriza. Nyumba yafoleredwa, banja laloŵa, nsalu zapachikidwa m'mazenera. Pamenepo mpamene maso a mwini nyumba amatseguka mwadzidzidzi: waona mng'alu pa khonde, waona chitseko chokhula pansi, zinthu zimene adaziona sabata zitatu zapitazo osanena kanthu. Ngati zilemazo nzoona, aitane mmisiri akonze, kapena achotse mtengo wa chitseko pamaso pa mboni, napereke zotsalazo tsiku lomwelo. Kugwira ndalama yonse chifukwa cha chitseko chimodzi ndi chinyengo cha bwenzi chomwe chija, chopanda khadi. Mpingo kuyambira kale umaŵerengera kumana wantchito malipiro ake pakati pa machimo ofuulira kumwamba, ndipo chifukwa chake nchosavuta kuchiona. Wogula ali ndi banki, ali ndi masiku 120, ali ndi bungwe ku Lilongwe lolandira madandaulo ake. Mmisiri sangagumule khoma kuti atenge thukuta lake. Amangopalasa njinga kachitatu, makilomita 20 kuchokera m'tauni mpaka ku Senga Bay, nagogoda pa geti limene adaliika yekha, ndipo mwana amatuluka kudzamuuza kuti bambo kulibe.